Buku la Cipale Cofewa m'Kalasi la ku Chainda: Mbiri Yake ndi Malo Ake

M'makabati a sukulu zambiri za m'makomboni a Lusaka muli timabuku ta sayansi ta ana aang'ono, ta zithunzi zokongola ndi mau ocepa. Pakati pa timabuku timeneti sipalephera kupezeka kena konena za madzi oundana ndi cipale cofewa, cimene ambiri amangoti sinoo. Mphunzitsi wa Giredi 1 kapena Giredi 2 ku Chainda akatsegula buku lotere amakhala ndi funso: kodi ana amene sanaonepo cipale, ndipo mwina sadzaciona moyo wao wonse, angapindule nalo ciani? Aphunzitsi ena amalibwezera m'kabati n'kukhoma. Ena amaliwerenga mokweza, ana n'kumabwereza pambuyo pao ngati nyimbo, osamva cimene akunena.

Njira ziwiri zonsezi zimamana mwana cinthu cimene akanapeza. Funso lanuli, aphunzitsi, si latsopano. Linavutitsa omasulira mabuku zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo linali mkati mwa mikangano yonse ya cinenero cophunzitsira m'dziko lathu. Mbiri imeneyi ikutionetsa kuti buku la cipale ndi labwino, koma malo ake ndi kumapeto kwa phunziro. Poyambira ndi madzi oundana amene mwana wa ku Chainda amawadziwa kale ndi manja ake ndi lilime lake.

Dzina la cinthu cimene sicigwa kuno

Amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula mishoni ya Magwero, pafupi ndi Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, m'caka ca 1899, ndipo ya Madzimoyo inatsatira mu 1903. Sukulu zao za m'midzi zinali kuphunzitsa kuwerenga m'Cinyanja. Buku lalikulu limene wophunzira anali kuyembekezera kudzaliwerenga linali Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, pambuyo pa nchito ya zaka zambiri yotsogozedwa ndi William Murray ku Nyasaland.

Omasulirawo anakumana ndi cipale, cifukwa cimagwa m'mapiri a Lebanon ndipo nthawi zina ku Jerusalem. Makolo athu analibe dzina la cinthu cimeneci popeza sanali kuciona. Motero m'malo ena omasulira analemba kuti matalala, m'malo ena cipale cofewa. Anacita zimene akanatha ndi mau amene analipo, koma zotsatira zake tili nazo mpaka lero: anthu ambiri amaganiza kuti sinoo ndi matalala ndi cinthu cimodzi. Musanaime pamaso pa ana, siyanitsani zinthu zinai izi.

Madzi oundana ndi madzi wamba amene azizira kufika pa madigiri 0 n'kulimba. Akatenthedwa amasungunuka n'kukhalanso madzi.

Matalala amapangika m'mitambo itali-itali ya mvula ya mabingu. Mphepo yamphamvu imakankhira madontho m'mwamba kumene kuli kozizira kwambiri, madonthowo amaundana, amakutidwa ndi madzi ena n'kuundananso, mpaka alemera n'kugwa. Ndi cifukwa cake matalala amagwa ngakhale tsiku lotentha, ndipo amalira pamalata ngati miyala.

Cisanu coyera ca pa udzu cimaoneka mbandakuca m'miyezi ya Juni ndi Julayi, usiku ukakhala wopanda mitambo ndi mphepo. Cimakonda malo otsika monga madambo, ndipo cimawaula tomato ndi nthoci m'madimba. Dera la Sesheke limadziwika naco.

Cipale cofewa cimapangika mumtambo pamene nthunzi ya madzi isanduka tizidutswa tolimba mosadzera kukhala madontho. Kacidutswa kalikonse kamakhala ndi mbali 6. Ndi copepuka, cimagwa mwakacetecete ngati thonje louluka, ndipo cimafika pansi cosasungunuka pokha-pokha ngati mpweya wonse kucokera kumtambo kufika pansi uli wozizira pafupi ndi madigiri 0 kapena pansi pake.

Pa zinthu zinaizi, zitatu zoyambazo zimapezeka m'Zambia. Cacinai sicigwa, ndipo ana adzakufunsani cifukwa cake. Yankho ndi ili: Lusaka ili pamwamba, pafupi-fupi mamita 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo m'mawa wa Julayi umazizira mpaka ana kubwera atavala majuzi awiri. Koma nyengo yathu yozizira ndi yopanda mvula. Pamene kuli mitambo ya madzi kumakhala kotentha, pamene kwazizira kumwamba kumakhala kopanda mitambo yotere. Cipale cimafuna kuzizira ndi mitambo pa nthawi imodzi.

Zaka za Cingerezi

Kupeza dzina linali vuto loyamba. Laciwiri linali cinenero cimene mwana ayenera kuyambira kuwerenga. Mu 1927 bungwe lolangiza boma la atsamunda pa maphunziro a anthu akuda linasankha zinenero zinai zoti zizigwira nchito m'makalasi oyamba: Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi. Mwana anali kuyamba ndi cinenero ca m'dera lake, Cingerezi n'kubwera pambuyo.

Zinthu zinasintha pa nthawi ya ufulu. Mu 1963 kagulu ka akatswiri a UNESCO kotsogozedwa ndi W. C. Radford wa ku Australia kanalangiza kuti Cingerezi cikhale cinenero cophunzitsira kuyambira kalasi loyamba. Boma latsopano, pamene John Mwanakatwe anali nduna ya zamaphunziro, linavomera mu 1965, ndipo mu 1966 zimenezi zinalowa m'malamulo a maphunziro. Zifukwa zake zinali zomveka pa nthawiyo. Atsogoleri anali kufuna kugwirizanitsa dziko la mitundu yambiri. Anchito a boma ndi aphunzitsi anali kusamutsidwa kucokera cigawo cina kupita cina pamodzi ndi ana ao. M'mizinda monga Lusaka kalasi limodzi linali ndi ana a zinenero zosiyana-siyana.

Kuti nchitoyi iyende, boma linakhazikitsa English Medium Centre mu Lusaka, imene pambuyo pake inakula n'kukhala Curriculum Development Centre. Kumeneko ndi kumene kunalembedwa mabuku a Zambia Primary Course, amene ambiri a inu mukuwakumbukira cifukwa ca Mulenga ndi Jelita. Olemba mabukuwo anazindikira mbali imodzi ya vuto. Anacotsa ana a ku Ulaya ndi nyengo zao, n'kuikamo ana a kuno, nyumba za kuno ndi misika ya kuno. Zithunzi zinakhala zathu, koma mau anakhalabe acilendo kwa mwana wa zaka 7.

Kukonzanso maphunziro kwa mu 1977 kunasiya Cingerezi pa malo ake, ngakhale kunalola mphunzitsi kufotokoza zovuta m'cinenero ca ana. Caka comweco Unduna unavomereza kalembedwe ka zinenero 7 za m'sukulu, ndipo ndi kalembedwe kameneko kamene kamatipangitsa kulemba cisanu ndi c yekha.

Zotsatira za zaka zimenezi zinaonekera poyera kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Eddie Williams wa ku University of Reading anayesa ana a pulaimale m'Zambia ndi m'Malawi. Anapeza kuti ana ambiri a kuno sanali kuwerenga bwino Cingerezi ngakhale Cinyanja. Anzao a ku Malawi, amene anali kuphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba, anali kuwerenga cinenero cao bwino kwambiri, ndipo pa Cingerezi sanali otsalira. Kafukufuku wa SACMEQ wa mu 1995 anapezanso kuti pa ana a Giredi 6, pafupi-fupi mmodzi yekha mwa anai ndi amene anali kufika pa muyezo wotsikitsitsa wa kuwerenga. Ana anali kudziwa kubwereza mau pamtima, koma kumva tanthauzo ai. Mphunzitsi amene amaimbitsa ana buku la sinoo lero akubwereza cimene cinalephera kale.

Kubwerera ku zimene mwana adziwa

Ndondomeko ya Educating Our Future ya mu 1996 inanena kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero cimene amacidziwa. Mu 1998 njira ya Breakthrough to Literacy, yocokera ku bungwe la Molteno la ku South Africa, inayesedwa m'Cibemba ku Kasama. Primary Reading Programme inayamba mu 1999, ndipo pofika 2003 New Breakthrough to Literacy inali m'makalasi a Giredi 1 dziko lonse. Aphunzitsi amene munalipo mukukumbukira mmene inali kuyendera: ana anali kukambirana za cithunzi, mwana n'kunena ciganizo cake, n'kucimanga ndi makadi a mau, kenako n'kucilemba m'buku lake ndi kuciwerenga. Mwana anali kuwerenga zimene pakamwa pake panali patanena kale.

Njirayi inali ndi zofooka zake. Caka cimodzi cokha ca kuwerenga m'cinenero ca kwao cinali cocepa, zipangizo zikatha kapena kutayika zinali zovuta kuzipezanso, ndipo maliwu a zilembo sanali kupatsidwa nthawi yokwanira. National Literacy Framework ya mu 2013 ndi Primary Literacy Programme imene inayamba mu 2014 zinaika maliwu ndi maphatikizo patsogolo, ndipo zinenero za kuno zinakhala zophunzitsira kucokera Giredi 1 kufika Giredi 4. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 2023, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, yabwezera Cingerezi patsogolo monga cinenero cophunzitsira, koma Cinyanja cikuphunzitsidwabe, ndipo mphunzitsi ali ndi ufulu wofotokoza m'cinenero ca ana.

Ndondomeko zasintha kangapo, koma phunziro la zaka zonsezi ndi limodzi. Mwana amawerenga pamene zinthu ziwiri zakumana: akutha kuchula zilembo zimene akuziona, ndipo mau amene atuluka akumukumbutsa cinthu cimene amacidziwa. Cimodzi cikasowa, kuwerenga kulibe.

Kumene mabuku a cipale anacokera

Mabuku a zithunzi ophunzitsa ana za cilengedwe ndi akale. Mu 1658 John Amos Comenius anatulutsa Orbis Pictus, buku loonetsa mwana zinthu za m'dziko ndi maina ake. Timabuku ta sayansi ta oyamba kumene kuwerenga tinaculuka ku America m'zaka za m'ma 1960. Mndandanda wochuka wa Let's-Read-and-Find-Out unayamba mu 1960, ndipo mmodzi wa oyambitsa ake, Franklyn Branley, analemba kabuku ka kugwa kwa cipale mu 1963. Olemba amenewa anasankha cipale cifukwa cinali pakhomo pa ana ao. Mwana wa ku New York anali kuwerenga za cinthu cimene anaponda m'mawa popita kusukulu. Anali kutsatira lamulo lomwe lija la kuyambira pa zimene mwana adziwa.

Mabuku otere anafika kuno maka-maka monga mphatso. Bungwe limene lero ndi Book Aid International linayamba mu 1954, ndipo limatumiza mabuku kucokera ku Britain. Books for Africa linayamba mu 1988 ku Minnesota, dera limene cipale cimakhala pansi miyezi ingapo caka ciliconse. M'zaka za m'ma 1990, pamene cuma cinavuta ndipo sukulu za m'madera zoyendetsedwa ndi makolo ndi machalichi zinaculuka m'makomboni, bokosi la mabuku opatsidwa nthawi zambiri ndi limene linali laibulale yonse ya sukulu. Buku limene linalembedwa kuti likhale lapafupi kwa mwana wa kumeneko linakhala lakutali kwa mwana wa ku Chainda, Kanyama kapena George.

Wolemba wa ku Nigeria, Chimamanda Ngozi Adichie, anasimba mu 2009 kuti ali mwana, nthano zoyamba zimene analemba zinali za ana acizungu osewera pa cipale ndi kudya maapozi, cifukwa ndiwo mabuku amene anali kuwerenga. Anali kuganiza kuti m'buku simungakhale munthu wonga iye. Iyi ndiyo ngozi ya kabati yodzala ndi mabuku akutali okha-okha.

Koma kukhomera bukulo m'kabati kulinso ndi ngozi yake. Mabuku ambiri a Cinyanja a makalasi oyamba ndi a nthano, ndipo onena za cilengedwe ndi ocepa. Vutoli si lathu tokha. Mu 2000 Nell Duke anafalitsa kafukufuku wa makalasi a Giredi 1 ku America, ndipo anapeza kuti ana anali kuthera mphindi 3.6 zokha pa tsiku pa zolemba zopereka cidziwitso. Mwana amene wakula ndi nthano zokha amadzadzidzimuka ku Giredi 5 akakumana ndi buku la sayansi, cifukwa limamangidwa mosiyana: lili ndi timitu, zithunzi zokhala ndi maina, ndi ziganizo zofotokoza cifukwa. Ndiponso pali ana, kawiri-kawiri aja osakhazikika pa nthano, amene amachera khutu mukayamba kufotokoza mmene cinthu cimagwirira nchito. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwana wa ku Chainda ayenera kudziwa za maiko ena monga mwana wina aliyense.

Cipale ciliponso mu Africa

Musalole ana kuganiza kuti cipale ndi ca azungu. Pa 11 Meyi 1848 Johannes Rebmann, mmishoni wa ku Germany, anaona nsonga yoyera ya phiri la Kilimanjaro, limene anthu a mtundu wa Chagga anali kukhala m'munsi mwake kuyambira kale. Atalemba za ici, akatswiri ena ku London, monga William Desborough Cooley, anakana kwa zaka zambiri. Anati cipale sicingakhale pafupi ndi pakati pa dziko pamene dzuwa limatentha cotero. Anthu amene anali kucidziwa bwino cipale analephera kukhulupirira cifukwa sanacione pamalopo. Ngati akatswiri anavutika motero, musadabwe mwana wa zaka 7 akamakayika cithunzi ca m'buku.

Kilimanjaro, ku Tanzania, ndi lalitali mamita 5,895, ndipo mukamakwera phiri kumazizira-zizirabe. Cipale cimapezekanso pa phiri la Kenya ndi mapiri a Rwenzori. Ku Lesotho cimagwa m'mapiri nyengo yozizira iliyonse, ndipo pa 10 Julayi 2023 cinagwa mumzinda wa Johannesburg, kumene abale a ana ambiri a m'kalasi lanu amapita kukagula katundu. Mukaonetsa malo amenewa pa mapu, cipale cimayandikira.

Mmene madzi oundana anafikira m'komboni

Makolo athu anali kuziziritsa madzi mumtsuko wadothi. Madzi ocepa amatuluka m'timabowo ta dothi, n'kuuma ndi mphepo, ndipo pouma amatenga kutentha kwa madzi a mkati. Madzi olimba anali kuwaona pa matalala pokha, ndipo ana anali kuwatola n'kuwaika mkamwa monga amacitira lero.

Kumaiko ozizira anthu anali kudula madzi oundana pa nyanja n'kuwagulitsa. Mu 1833 Frederic Tudor wa ku Boston anatumiza matani 180 pa sitima ya pamadzi kupita ku Calcutta, ku India. Ulendowo unatenga miyezi inai, ndipo pafupi-fupi matani 100 anafika osasungunuka, cifukwa anakutidwa bwino kuti kutentha kusalowe. Amalonda amenewa anali kudalira kwambiri utuci wa matabwa. M'zaka za m'ma 1870 Carl von Linde wa ku Germany anapanga makina odalirika oziziritsa, ndipo malonda odula madzi pa nyanja anayamba kutha pang'ono-pang'ono.

Kuno firiji inayamba kupezeka m'nyumba za azungu, m'mahotela ndi m'zipatala, ndipo kumene kunalibe magetsi kunali mafiriji a parafini. Damu la Kariba linatha kumangidwa mu 1959, ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo magetsi a ku Kafue Gorge anayamba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970. Koma makomboni ambiri anali kuonedwa ngati malo osaloledwa, mpaka lamulo la nyumba la mu 1974 linatsegula njira yowavomereza ndi kuwakonza, kuyambira ndi madera monga Chawama ndi George. Malaiti analowa m'nyumba za m'komboni pang'ono-pang'ono m'zaka zotsatira. Firiji italowa, inakhala cuma ca banja: amai anayamba kuumitsa zakumwa zotsekemera m'timapepala ta pulasitiki n'kumagulitsa pakhomo, pa kantemba ndi pa geti ya sukulu.

Motero mwana wa ku Chainda, kum'mawa kwa mzinda pafupi ndi Chelstone ndi Avondale, amadziwa madzi oundana kuposa mmene agogo ake anali kuwadziwira. Amadziwa kuti aisi buloko imalimba usiku mufiriji, imasungunuka m'manja mwezi wa Okutobala, ndipo imasiya madontho kunja kwa pepala. Amene anaona cilala ca mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambiri pa tsiku, amadziwanso cimene cimacitika firiji ikazima. Imeneyi ndi sayansi yeni-yeni, ndipo mwana amalowa nayo m'kalasi tsiku lililonse.

Zimene mbiriyi ikutiuza kucita

Tsatirani ndondomeko iyi: kugwira, kunena, kulemba, kuwerenga zao, kenako buku. Mungathe kuigawa pa masiku asanu.

1. Bweretsani madzi oundana. Pemphani kholo limene lili ndi firiji likuumitsireni madzi m'kambale kapena m'botolo la pulasitiki, ndipo muwanyamule atakulungidwa m'nyuzipepala kapena m'saka. Ana agwire. Ikani cidutswa cimodzi padzuwa, cina pamthunzi, cina m'beseni la madzi. Ana anene coyamba cimene akuganiza kuti cicitika, kenako aone. Ca m'beseni cidzayandama, cifukwa madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupi-fupi 9 pa 100 alionse, motero amakhala opepuka kuposa madzi a muyezo womwewo. Ndi cifukwa comweco botolo lodzaza kwambiri limang'ambika mufiriji.

2. Yesani njira ya amalonda a ku Boston. Kwirirani cidutswa cimodzi mu utuci wocokera kwa akalipentala kapena cikulungeni m'juzi, cina cisiyeni poyera. Ana ambiri adzati ca m'juzi cisungunuka msanga, popeza juzi imafunditsa. Adzaona kuti ndico cikhalitsa. Juzi sipanga kutentha, imangochinga kuti kusadutse. Mkangano umene udzabuka pamenepa ndi umene udzakupatsani ziganizo zabwino zolemba.

3. Lembani pa bolodi zimene ana anena. Ana a mu Lusaka ambiri adzati manzi, aisi, mpepo, cifukwa ndico Cinyanja ca m'tauni, ndipo ena kunyumba amalankhula Cibemba, Cinsenga, Cisoli kapena Citonga. Kafukufuku wa Geoffrey Tambulukani ndi Adriana Bus anaonetsa kuti mwana amene cinenero cake catalikirana ndi ca m'buku amavutika kwambiri kuyamba kuwerenga. Musadzudzule mwana wonena kuti manzi. Vomerani, kenako muuzeni kuti m'buku timalemba madzi, ndipo mulembe mau onse awiri moyandikana.

4. Sankhani mau mogwirizana ndi maliwu amene mwaphunzitsa. Mau akuti matalala ndi mphatso kwa mphunzitsi wa Giredi 1, cifukwa maphatikizo ake onse ndi osavuta: ma-ta-la-la. Cimodzi-modzi mame, cisanu ndi zizira. Ziganizo monga "Ana atola matalala" ndi "Amai aona mame" mwana angaziwerenge yekha msanga. Mau akuti madzi amafuna dz, oundana amafuna nd, sungunuka amafuna ng, ndipo nthunzi amafuna nth ndi nz. Mau amenewa ana awanene ndi kuwamva kuyambira tsiku loyamba, koma muwapatse kuti awerenge okha mukafika pa maliwu ake. Lembani ziganizo zisanu kapena zisanu ndi cimodzi pa mapepala aakulu kapena kumbuyo kwa kalenda yakale, ana ajambule zithunzi, ndipo musoke pamodzi. Limeneli ndilo buku lao loyamba la sayansi.

5. Tsopano tulutsani buku la cipale. Kuyambira 2022, pamene maphunziro aulere anafika mpaka Giredi 12, makalasi ambiri ndi odzaza, ndipo mwina muli ndi buku limodzi lokha. Likwanira. Liwerengeni nokha coyamba madzulo ake, musankhe masamba atatu kapena anai. Onetsani zithunzi mukuyenda pakati pa mizere. Ngati bukulo ndi la Cingerezi, fotokozani m'Cinyanja, ndipo tsamba lililonse mulimangirire pa zimene ana anaona. Funsani kuti: kodi ici cifanana bwanji ndi matalala, nanga cisiyana pati? Cidzacitika ndi ciani dzuwa likatuluka? N'cifukwa ciani ana a m'cithunzi avala zovala zokhuthala? Ngati mungapeze zoyera zija zimene zimamera m'mbali mwa firiji yakale, zipaleni ndi sipuni mubwere nazo. Zimapangika kucokera ku nthunzi monga cipale, ndipo ndizo zofanana naco kwambiri zimene mwana angazigwire mu Lusaka.

Mabuku ena a sayansi amakhala ndi zithunzi za tizidutswa ta cipale tokulitsidwa. Mmodzi wa oyamba kutijambula anali mlimi wa ku Vermont, Wilson Bentley, amene anayamba mu 1885 ndipo anajambula toposa 5,000. Ana awerenge mbali zake pa cithunzi, apeze 6 nthawi iliyonse, ndipo phunziro la masamu lalowa lokha.

Cenjezo la ukhondo

Mu Januwale 2018 ndiponso mu Januwale 2024 sukulu zinacedwa kutsegulidwa cifukwa ca kolera, ndipo makomboni a Lusaka ndiwo anakhudzidwa kwambiri. Kuundana sikupha tizilombo tonse ta matenda. Madzi amene muumitsa akhale owiritsa kapena othira klorini. Ana asambe m'manja asanagwire ndi atagwira, ndipo muwauze momveka kuti cidutswa cimene cadutsa m'manja ambiri sicipita mkamwa. Lembani lamulo limeneli pa bolodi monga ciganizo coti awerenge. Ndi sayansi imene adzapita nayo kunyumba.

Mau otsiriza

Omasulira a 1922 anafuna dzina la cipale pakati pa mau amene anthu anali nao. Olemba a Mulenga ndi Jelita anabweretsa zithunzi pafupi ndi mwana. Aphunzitsi a ku Kasama mu 1998 anayambira pa ciganizo cotuluka pakamwa pa mwana, ndipo a 2014 anaonjezerapo maliwu. Aliyense anaona mbali ina ya nchito imodzi, ndipo inu muli ndi mwai wogwiritsa nchito mbali zonsezi pamodzi. M'mera mpoyamba. Mwana amene mu Giredi 1 wawerenga yekha kuti ana atola matalala, ndipo akudziwa cimene wawerenga, adzatsegula buku la cipale, la nyanja yamcere kapena la mwezi ali ndi cizolowezi cofunsa kuti: kodi ici cifanana ndi ciani cimene ndidziwa? Sabata ino tsegulani kabati, muone mabuku a sayansi amene alimo, ndipo pa lililonse mulembe cinthu cimodzi ca ku Chainda cimene mudzayambire musanalitsegule pamaso pa ana.